Kudula kachidutswa ka kanema pa DVD kuti muphunzitsire m'kalasi

Piriyodi ya ku sekondale ndi mphindi 40 basi. Tsiku lina ndinataya pafupifupi theka la mphindizo nditaima kutsogolo kwa ana a Fomu 3, rimoti ili m'manja, ndikusakasaka malo amodzi pa DVD. Ndinkaphunzitsa Jogalafe, mutu wa zivomezi, ndipo ndinkadziwa kuti penapake m'kati mwa kanema wa ola ndi theka uja muli chithunzi choyenda chosonyeza momwe nthaka imang'ambikira n'kutitimira mpaka kupanga chigwa ngati chathuchi, momwe munakhazikika Nyanja ya Malawi. Chimbale chinayamba ndi machenjezo osadumphika, kenako zotsatsa malonda, kenako menyu. Ndikathamangitsa kanema ndinkapitirira, ndikabweza ndinkabwerera patali. Pamene ndinkapapeza n'kuti akumbuyo atayamba kale nkhani zawo, ndipo belu silinachedwe kulira. Ana aja sanalakwe chilichonse. Nthawi yawo ndi imene inapita, ndipo zinandipweteka.

Kuyambira pamenepo sindilowanso m'kalasi ndi chimbale. Ndimadula kachidutswa komwe ndikufuna ndili kunyumba kapena mu sitafu, n'kukaika pa fulashi, ndipo m'kalasi ndimangodina kamodzi. Masukulu ambiri ali ndi ma DVD omwe akungotuwa ndi fumbi mu laibulale kapena mu ofesi ya ahedi. Ena anabwera ndi mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi, ena anasiyidwa ndi aphunzitsi ochokera kunja, ena ndi a zisudzo zomwe sukulu inajambula yokha. Sagwira ntchito chifukwa palibe mphunzitsi amene angapereke mapiriyodi awiri kuti ana aonere filimu yonse silabasi ya MSCE ikumudikira. Koma mphindi zitatu aliyense angazipeze.

Zomwe muyenera kukhala nazo

Mufunika kompyuta yowerenga zimbale. Malaputopu atsopano ambiri alibe polowetsa DVD, ndiye ngati yanu ili yotero pezani kachipangizo kowerengera DVD kolumikiza pa USB. Kamodzi kangathe kukwanira sukulu yonse. Nthawi zambiri kompyuta yakale ya pa desiki yomwe ili mu labu imagwira ntchitoyi bwino lomwe.

Mapulogalamu ndi awiri, onse aulere. Yoyamba ndi VLC, yoonetsera kanema, ija ya chizindikiro chosongoka cha olenji chonga chomwe amaika pamsewu akamaukonza. Inayamba ngati ntchito ya ophunzira a pa École Centrale Paris mu 1996, ndipo lero imapezeka pa makompyuta ambiri. Yachiwiri ndi HandBrake, yodulira kanema ndi kumusandutsa fayilo ya MP4, yomwe inatuluka mu 2003. Muzitenge pa masamba a eni ake, videolan.org ndi handbrake.fr, osati pa fulashi ya munthu woika nyimbo m'mafoni pamsika, chifukwa mavairasi ambiri amalowera pamenepo. Pa Windows, HandBrake imafuna kuti muikenso .NET Desktop Runtime ya Microsoft, ndipo imakuuzani yokha ikaona kuti mulibe. Zonse pamodzi sizifika 200 MB, ndipo mukaziika kamodzi simufunanso bandulo. Ntchito yotsalayo ilibe intaneti.

Konzaninso fulashi, kope ndi pensulo. Kopelo musalipeputse.

Dziwani kaye chimbale chomwe muli nacho

Musanachilowetse, chitembenuzeni muchiyang'ane powala. Ngati chili ndi zala kapena fumbi, chipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pa bowo la pakati kupita m'mphepete, molunjika, osati mozungulira. Deta ya pa chimbale imayenda mozungulira, choncho mzere wokandika motsata njira yomweyo umaononga zambiri kuposa mzere wodutsa mopingasa.

Mukachilowetsa, musachilole kuyamba chokha. Tsegulani File Explorer, dinani chimbalecho ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Open, muone zomwe zili m'kati.

Mukapeza foda yolembedwa VIDEO_TS, imeneyo ndi DVD yeniyeni. M'katimo muli mafayilo othera ndi .VOB, .IFO ndi .BUP. Kanema ali mu ma .VOB, oduladula kuti iliyonse isapitirire 1 GB, ndipo kudulako sikutsata nkhani. N'chifukwa chake kukopera .VOB imodzi n'kuthamangira nayo m'kalasi kumagwiritsa mwala: gawo lomwe mukufuna lingayambire kumapeto kwa fayilo ina n'kuthera koyambirira kwa inzake.

Mukapeza foda ya MPEGAV yokhala ndi mafayilo monga AVSEQ01.DAT, ndiye kuti ndi VCD, zija zinadzaza m'misika ma DVD asanatchipe. VLC imazitsegula popanda vuto, koma chithunzi chake ndi cha 352x288 chabe, pomwe DVD ya PAL ndi 720x576. Pa pulojekita, zolembedwa zing'onozing'ono za pa VCD siziwerengeka. Ngati phunziro lanu ladalira mapu kapena manambala, VCD isiyeni.

Mukapeza mafayilo wamba a .mp4 kapena .avi, mwapepukidwa. Akopereni pa kompyuta, muwadule monga ndifotokozere m'munsimu.

Chinanso chomwe chimadabwitsa anthu ndi zigawo. Ma DVD ogulitsidwa m'masitolo anagawidwa potengera mbali za dziko. America ndi chigawo 1, Ulaya ndi South Africa ndi chigawo 2, Malawi ndi maiko ambiri a mu Africa tili m'chigawo 5. Mukalowetsa chimbale cha chigawo china, Windows ingakufunseni ngati mukufuna kusintha chigawo cha chowerengera chanu. Musafulumire kuvomera. Zowerengera zambiri zimalola kusintha kasanu kokha, kenako zimakhazikika pa chigawo chomaliza. Yesani kaye kutsegula ndi VLC.

Kusankha: apa ndiye pagona ntchito

Mabatani mudzawazolowera tsiku limodzi. Chomwe chimatenga nthawi, ndipo n'chomwe chimasiyanitsa phunziro ndi vidiyo shoo, ndi kusankha poyambira ndi pothera.

Ine ndimayamba ndi kulemba m'kope funso lomwe ndikufuna kuti ana ayankhe akaonera. Ndimalemba ndisanatsegule kanema. Pa zivomezi, funso langa linali lakuti, "N'chifukwa chiyani Karonga ndi Salima amagwedezeka kawirikawiri?" Ana ambiri anamvapo kwa makolo za chivomezi cha ku Salima mu 1989 ndi zija za ku Karonga mu Disembala 2009, choncho funsolo ndi la kwawo. Ndikakhala nalo funsolo, ndimadziwa chomwe ndikusaka mu kanema: gawo losonyeza nthaka ikukokeka mbali ziwiri, ming'alu ikutseguka, pakati pakutitimira. Mapiri ophulika a ku maiko ena, ngakhale akongole bwanji, sakuyankha funso langa, ndiye ndimawasiya. Kusiyako kumawawa, chifukwa nthawi zambiri malo okongola kwambiri mu kanema si amene phunziro likufuna.

Tsegulani VLC, pitani pa Media, kenako Open Disc. Ikani chizindikiro pa "No disc menus" kuti mudumphe menyu, n'kudina Play. DVD imagawidwa m'magawo akuluakulu otchedwa Title, ndipo Title iliyonse ili ndi timagawo totchedwa Chapter. Filimu yeniyeni nthawi zambiri ndi Title yotalika koposa zonse. Zinazo ndi zotsatsa ndi zoonjezera. Pa menyu ya Playback mungasankhe Title ndi Chapter yomwe mukufuna.

Onerani pensulo ili m'manja. Mabatani ochepa awa akuthandizani: batani lalitali la Space limaimitsa ndi kuyambitsanso, Ctrl ndi muvi zimadumpha mphindi imodzi, Alt ndi muvi masekondi 10, Shift ndi muvi masekondi atatu, ndipo E imasuntha chithunzi chimodzichimodzi. Mukapeza malo anu lembani zinthu zitatu: nambala ya Title, nthawi yoyambira ndi nthawi yothera, monga momwe zikuonekera pansi pa VLC. Mwachitsanzo: Title 2, kuyambira 00:41:10 mpaka 00:44:05.

Yambirani pomwe wolankhula akuyamba chiganizo, ndipo thetsani atamaliza ganizo lake. Kachidutswa kodukira pakati pa mawu kamasiya ana akufunsa kuti "Ndiye kenako?" m'malo moganizira funso lanu. Pa utali, ine ndimaona kuti mphindi ziwiri mpaka zinayi n'zokwanira. Zikapitirira zisanu, ana amatsamira pa desiki ngati ali ku kanema wa pamsika, ndipo kuwabweza ku phunziro ndi ntchito ina. Ngati mfundo zili ziwiri, dulani tizidutswa tiwiri, pakati pake mulankhulepo inuyo.

Mvetseraninso Chingelezi cha wolankhulayo ndi makutu a mwana wa Fomu 1 wa ku CDSS, osati ndi makutu anu. Ambiri ofotokoza m'makanema ochokera kunja amathamanga, ndipo katchulidwe kawo n'kachilendo kwa ana athu. Mukaona choncho muli ndi njira ziwiri: kuika mawu olembedwa pansi pa chithunzi, kapena kutseka mawu onse n'kumafotokoza nokha kanema akuyenda. Njira yachiwiriyi ndimaikonda pa zithunzi za Bayoloje, monga mtima ukupopa magazi kapena selo ikugawikana. Chithunzi chimachita zomwe choko sichingathe, ndipo mawu ndi a mphunzitsi yemwe ana anamuzolowera. Ganizirani zimenezi panopa, chifukwa zikhudza momwe mudulire.

Njira yachidule: kujambula ndi VLC

Ngati phunziro ndi la mawa m'mawa ndipo nthawi yatha, chitani izi.

Pa menyu ya View sankhani Advanced Controls. Pansi paoneka mzere wina wa mabatani, ndipo loyamba ndi kadontho kofiira. Limenelo ndi lojambulira.

Pitani pamalo anu. Ctrl ndi T zimatsegula kabokosi kolembamo nthawi yeniyeni. Bwererani m'mbuyo masekondi atatu kapena asanu kuchokera pomwe munalemba, chifukwa VLC imachedwa pang'ono kuyamba kujambula ndipo ingadye mawu oyamba.

Yambitsani kanema, dinani kadontho kofiira, ndipo musiyeni ayende yekha. Musadumphe, musathamangitse. Kachidutswa ka mphindi zitatu kamatenga mphindi zitatu. Mukafika pothera dikirani masekondi awiri, n'kudinanso kadontho komweko.

Fayilo mukaipeza mu foda ya Videos, dzina lake loyamba ndi "vlc-record". Ngati mulibe, pitani pa Tools, Preferences, Input / Codecs, ndipo pa "Record directory or filename" sankhani foda yomwe mukufuna, muyesenso.

Njirayi ili ndi zofooka zake. Fayilo imatuluka mu MPEG-2 monga ilili pa chimbale, choncho mphindi zitatu zingadye 100 MB kapena kuposerapo. Ma TV ena olowetsa fulashi amaonetsa chithunzi koma mawu ayi, chifukwa mawu a pa DVD nthawi zambiri amakhala a mtundu wa AC-3, womwe ma TV amenewo sawerenga. Ndipo mawu olembedwa pansi samatirira pa chithunzi. Ngati mudzaonetsa ndi laputopu yomweyo kudzera mu VLC, zonsezi sizikuvutani. Ngati ayi, fayilo yomweyi mungailowetse mu HandBrake n'kuisandutsa MP4.

Njira yodalirika: HandBrake

Iyi ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito ndikakhala ndi Loweruka lonse. Koyamba imaoneka ya mabatani ambiri, koma ofunika ndi ochepa.

Yambani ndi kukopera foda yonse ya VIDEO_TS pa kompyuta, ngati chimbale chikulola. DVD imanyamula 4.7 GB, ndipo ya magawo awiri 8.5 GB, choncho onani kaye ngati malo alipo. Kukoperaku kumathandiza pawiri: HandBrake imathamanga ikamawerenga pa kompyuta, ndipo chimbale chokalamba chimazungulira kamodzi kokha m'malo mozunzika pa kachidutswa kalikonse. Mukamaliza kudula, fodayo ifufuteni.

Tsegulani HandBrake. Ikufunsani gwero: sankhani chimbale, kapena foda yomwe mwakopera. Dikirani iwerenge ma Title onse.

Pamwamba pali bokosi la Title. Sankhani nambala yomwe munalemba m'kope, ndipo tsimikizani poona utali wake. Pambali pake pali Range, pomwe poyamba pamalembedwa Chapters. Ngati gawo lanu ndi Chapter yathunthu, ikani nambala yomweyo m'mabokosi onse awiri, monga 7 mpaka 7. Kawirikawiri sizikhala choncho, ndiye sinthani Chapters ikhale Seconds, n'kulemba nthawi zanu zija. Apanso onjezerani masekondi awiri kapena atatu mbali zonse, chifukwa pa DVD nthawi ya VLC ndi ya HandBrake zimatha kusiyana pang'ono.

Pa Preset, yang'anani kukula kwa chithunzi komwe HandBrake yalemba pamwamba. Ngati ndi 720x576, chimbale ndi cha PAL, cha zithunzi 25 pa sekondi, ndipo sankhani Fast 576p25. Ngati ndi 720x480, ndi cha NTSC, monga zambiri zochokera ku America, ndipo sankhani Fast 480p30. Kusankha 1080p sikungakongoletse DVD. Zomwe sizili pa chimbale pulogalamu singazilenge.

Pa Summary onetsetsani kuti Format ndi MP4. Pa Video, encoder ikhale H.264. Pali H.265 yomwe imachepetsa fayilo kwambiri, koma ma TV ndi makompyuta akale a m'masukulu mwathu ambiri amaikana, ndipo fayilo yaing'ono yosatseguka ilibe phindu. Nambala ya RF isiyeni pakati pa 18 ndi 22. Ikatsika chithunzi chimaoneka bwino koma fayilo imakula. Ine ndimaika 20, ndipo ndimatsitsira pa 18 pokhapokha ngati muli mapu kapena zolembedwa zing'onozing'ono.

Pa Audio musadutsepo mothamanga, chifukwa m'kalasi ya ana 80 yofolera malata, mawu ndi amene amayamba kutayika chithunzi chisanavute. Ngati chimbale chili ndi zilankhulo zingapo, sankhani chomwe mukufuna. Codec ikhale AAC, Mixdown ikhale Stereo. Makanema ambiri a pa DVD anakonzedwera chipinda chachete cha masipika asanu kapena asanu ndi imodzi, choncho nyimbo ndi phokoso zimakwera pomwe olankhula amamveka pansipansi. Mukatambasula mzere wa mawuwo mupeza Gain. Ikwezeni pang'ono, monga 3 kapena 4, mumvetsere. Mukaikweza kwambiri mawu amasweka. Pomwepo palinso DRC, yomwe imachepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika pa zimbale za AC-3.

Pa Subtitles, ngati munaganiza zoika mawu olembedwa, onjezerani mzere wa chilankhulo chomwe mukufuna ndipo ikani chizindikiro pa Burn In. Mawu olembedwa a pa DVD ndi tizithunzi, si zilembo, ndipo zipangizo zambiri siziwaonetsa akakhala padera. Burn In imawamatiriza pa chithunzi mpaka kalekale. Ngati mukukayika, dulani kawiri: kena ka mawu olembedwa, kena kopanda. Pa phunziro la kumvetsera Chingelezi, kukhala ndi tonse tiwiri n'kothandiza kwambiri. Ana amayamba ndi kopanda, kenako amadzitsimikizira ndi kolembedwa.

Pa Filters musasinthepo kanthu. Mukadzaona timizere tonga mano a chipeso m'mbali mwa zinthu zoyenda, bwererani pamenepa muone ngati Deinterlace ili pa Decomb.

Pansi penipeni pali Save As. Lembani dzina, sankhani foda, n'kudina batani lobiriwira la Start Encode. Kachidutswa kafupi sikachedwa ngakhale pa kompyuta yakale, ndipo mphindi zitatu zija nthawi zambiri zimatsika kufika pa 20 kapena 40 MB. Ngati pa chimbale chomwecho pali malo angapo, dinani Add to Queue m'malo mwake, sinthani nthawi, sinthaninso dzina la fayilo, ndipo pamapeto yambitsani zonse pamodzi. Mukaiwala kusintha dzina, kachidutswa katsopano kangalembedwe pamwamba pa koyamba.

Ikamaliza, onerani fayiloyo kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Musangotsegula n'kutseka. Milomo ndi mawu zikugwirizana? Chiganizo chomaliza chatha?

Chimbale chikakana, ndi nkhani ya umwini

Nthawi zina Windows imakana kukopera, kapena HandBrake imati siyapeza kanema, kapena imatulutsa chithunzi chophwanyikaphwanyika. Ngati chimbale n'chosakandika, ndiye kuti chili ndi loko. Ma DVD ambiri a makampani akuluakulu a mafilimu amatsekedwa ndi njira yotchedwa CSS, ndipo HandBrake payokha siithyola. Ku America lamulo la DMCA la 1998 linaletsa kuthyola maloko otere, ndipo aphunzitsi anachita kupempha chilolezo chapadera. Mu 2006 analola aphunzitsi a maphunziro a mafilimu a m'mayunivesite, mu 2010 anaonjezera aphunzitsi ena a m'mayunivesite, ndipo mu 2012 chilolezocho chinafika kwa a pulayimale ndi sekondale, pa tizidutswa tatifupi tokha. Limenelo ndi lamulo la kumeneko, silitiphimba ife.

Kuno kwathu nkhani za umwini wa luso zili pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe loimira eni luso ndi COSOMA (Copyright Society of Malawi). Malawi alinso m'pangano la Berne, lomwe limapereka mpata kwa maiko kulola kugwiritsa ntchito luso la ena ngati chitsanzo pophunzitsa, malinga zichitike mwachilungamo ndipo mwini wake atchulidwe. Ngati sukulu ikufuna kusunga tizidutswa tambiri kapena kugawana ndi masukulu ena a mu kilasita, ahedi alembere COSOMA kapena eni kanemayo ntchito isanayambe. Mabungwe omwe anapanga makanema a zaumoyo ndi zaulimi kuti afalitsidwe nthawi zambiri amakondwa kumva kuti akugwiritsidwa ntchito m'kalasi.

Ine ndimatsata izi: ndimadula pa chimbale chenicheni chomwe sukulu kapena ine tili nacho, kachidutswa kafupi, koonetsa m'kalasi mokha. Sindiponya pa WhatsApp kapena pa Facebook. Makamaka pa makanema a Amalawi anzathu ndimasamala kwambiri, chifukwa tonse tinaona momwe kukopera zimbale kunasaukitsira oimba ndi opanga mafilimu m'dziko muno, ndipo sukulu si malo ophunzitsira ana khalidwe limenelo.

Pa chimbale cha loko, kope lanu lija likupulumutsani. Lowani m'kalasi belu lisanalire, tsegulani chimbalecho mu VLC ndi "No disc menus", pitani pa Title yanu, dinani Ctrl ndi T, lembani nthawi, imitsani pomwepo. Ana akamalowa n'kuti zonse zili chire.

Kuchokera pa kompyuta kufika pamaso pa ana

Dzina la fayilo likhale loti mnzanu wa mu dipatimenti angalimve inu kulibe. "Clip1" chaka chamawa simudzaikumbuka. Ine ndimalemba kalasi, phunziro, mutu ndi utali, monga F3_Jogalafe_Zivomezi_3min, ndipo mu sikimu ndimalemba dzina lomwelo pa sabata yake. M'kope ndimasunga dzina la kanema, omwe anamupanga, chaka, Title ndi nthawi. Zimenezi ndimazilembanso pakona pa bolodi tsiku loonetsa, kuti ana azolowere kutchula komwe chinthu chachokera.

Ngati mudzalowetsa fulashi mu TV, ikhale ya FAT32, chifukwa ma TV akale ambiri sawerenga mitundu ina. Sungani tizidutswa tanu malo awiri, pa laputopu ndi pa fulashi. Fulashi yomwe yadutsa m'makompyuta a mu sitafu imatha kubwera mafoda onse atasanduka ma shortcut, ndipo zimenezi zimaoneka nthawi yoipa. Ndimasunganso tizidutswato pa foni yanga. Magetsi akazima, laputopu ya batire ndi sipika ya Bluetooth zimapitiriza phunziro: ana amabwera kutsogolo m'magulu, gulu lina likuonera, ena akuyankha funso m'makope. Ndi kanema wa mphindi zitatu zimatheka. Ndi filimu yathunthu sizingatheke.

Yeserani m'chipinda chomwe mudzaphunzitsire, ndi zipangizo zomwezo, dzulo lake. Chingwe cha HDMI chimanyamula chithunzi ndi mawu, koma cha VGA, chija cha mutu wabuluu, chimanyamula chithunzi chokha, ndiye sipika ilumikizidwe padera. Ngati pulojekita sikuonetsa, dinani batani la Windows ndi P, sankhani Duplicate. Mukalumikiza HDMI mawu amatha kuthawira ku kasipika kakang'ono ka pulojekita. Dinani chizindikiro cha sipika pansi kumanja, muwabwezere komwe mukufuna. Kenako pitani mukakhale pa desiki yomaliza kumbuyo, mumve zomwe mwana wa pamenepo adzamve, muonenso zomwe dzuwa la pa zenera lidzamusiyire. Chitenje chakuda chopachika pa mazenera awiri akutsogolo chimasintha zambiri.

Ogwiritsa ntchito PowerPoint angalowetse MP4 yawo kudzera pa Insert, kenako Video, ndipo pa Playback pali Trim Video yochotsera masekondi oonjezera aja.

M'kalasi, funso lilembedwe pa bolodi kanema asanayambe. Onetsani koyamba osaimitsa, ana angoona. Apatseni mphindi imodzi akambirane awiriawiri. Kenako onetsani kachiwiri, mukuimitsa ndi Space pomwe pali mfundo, n'kuloza pa chithunzi choima: "Mzere uwu ndi chiyani? Mbali iyi ikupita kuti?" Mu VLC, F imadzaza chithunzi pa sikirini yonse, ndipo pa mzere wa Advanced Controls pali batani la A ndi B lomwe limabwereza kagawo kamodzi mosalekeza. Mumadina poyambira, n'kudinanso pothera. Pa masekondi 15 osonyeza nthaka ikutitimira, ndimasiya azibwereza pomwe ana akujambula m'makope zomwe akuona, kenako timatsegula atilasi pa mapu a Malawi kuti apeze okha komwe chigwacho chadutsa, kuchokera ku Karonga kutsika ndi nyanja mpaka ku Shire.

Chimbale chibwerere ku laibulale tsiku lomwelo. Musanatseke chikuto chake, ikanimo kapepala kolemba Title, nthawi ndi mutu womwe munaphunzitsira. Wa Bayoloje akadzachitenga adzaonjezerapo zake pansi pa zanu.